Kolera yabuka, ana atsekera: kodi tingapite nawo kupaki?

Funso:

Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Lilongwe. Wamkulu ali ndi zaka 11, wachiwiri 6, womaliza sanakwanitse zaka ziwiri. Ana atsekera sukulu ndipo tinawalonjeza kalekale kuti tidzapita nawo kokayenda, Loweruka lina kupaki mtauni momwemuno, kenako kunyanja ku Salima. Tsopano pa wailesi akuti kolera yabukanso. Abambo awo akuti palibe vuto chifukwa malowo ndi apamtetete, mphepo imawomba, ndipo nthawi ya korona madokotala omwewo ankati panja ndi pabwino. Apongozi anga akuti tisatuluke n'komwe. Ine ndili pakati. Ndichite bwanji?

Yankho:

Mayi, kupaki pitani nawo anawo, bola mukonzekere. Za kunyanja ndi nkhani ina, tifikako. Abambo awo alondola ponena kuti mutha kutuluka, koma chifukwa chimene apereka n'cholakwika, ndipo chimenecho ndicho chikundidetsa nkhawa. Munthu akanyamuka ndi chifukwa cholakwika amasamala pomwe palibe choopsa, n'kutayirira pomwe pali ngozi yeniyeni. Ndawaonapo anthu atavala masiki bwinobwino, atatalikirana monga tinkawaphunzitsira, akupatsirana botolo limodzi la thobwa.

Zomwe abambo akukumbukira n'zoona ndithu. Korona itafika kuno mu Epulo 2020 tinkalalikira usana ndi usiku kuti tsegulani mawindo, chezerani panja, musathithikane. Tinkatero chifukwa kachilombo kake kamatuluka ndi mpweya wa munthu akamapuma, akamayankhula, akamaimba kapena kutsokomola. M'chipinda chotseka mpweya umenewo umaunjikana, aliyense n'kuupuma. Pabwalo mphepo imaumwaza. Pa matenda oyenda ndi mpweya, monga korona, fuluwenza ndi chifuwa chachikulu, paki ndi malo abwino kuposa pabalaza panu pomwe.

Kolera siyenda ndi mpweya. Khomo lake ndi pakamwa. Ndinene mosabisa mawu, ngakhale pachikhalidwe chathu sitikonda kutero: munthu amadwala kolera akameza chimbudzi cha munthu wina, pang'ono chabe mosaoneka ndi maso, chitalowa m'madzi, m'chakudya kapena pa zala. Palibe njira ina. Mutha kukhala benchi imodzi ndi munthu amene ali ndi tizilombo take tsiku lonse osatenga kanthu. Koma mutha kukhala nokhanokha pakati pa kapinga, mphepo ikuwomba bwino, n'kumwa kapu imodzi ya madzi oipa, mawa lake n'kugonekedwa. Mphepo imene abambo akudalira ilibe gawo pa nkhaniyi.

N'chifukwa chake mliri uliwonse ukalengezedwa, funso loyamba lisakhale loti “tituluke kapena tikhale?” Liyenera kukhala loti matendawa amadutsira pati. Mukadziwa njira yake mumadziwanso pomwe muyenera kuima chilili.

Apongozi anu musawaseke. Anaona zomwe tonse tinaona. Mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atangogwetsa zimbudzi ndi kudzaza zitsime ndi matope kuchigawo cha kummwera. Tinazolowera kuti kolera imabwera ndi mvula n'kupita ndi mvula, koma chaka chimenecho siinapite. Inadutsa chilimwe chonse, n'kukwera m'mbali mwa nyanja mpaka ku Nkhata Bay, Rumphi ndi Karonga, mvula yotsatira pofika n'kuti ili pafupifupi m'maboma onse. Mu Disembala boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Pomwe zinthu zinkazizira n'kuti anthu oposa 58,000 atadwala, oposa 1,700 atamwalira. Sitinaonepo kolera yotero m'dziko muno. Munthu amene anapita kumaliro a nthawi imeneyo, maliro ofulumira opanda kusambitsa thupi, opanda nsima, ali ndi chifukwa chochitira mantha.

Komabe kwa apongoziwo ndinganene izi mwaulemu. Odwala ambiri amene ine ndinawaona m'matenti a kolera sanaitenge kokayenda. Anaitengera pakhomo, m'ndowa ya madzi akumwa yosavundikira yomwe aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe, pachitsime chosatetezedwa chomwe chili pafupi ndi chimbudzi, kapena posamalira m'bale wodwala. Kutseka geti sikutsekera kolera kunja. Ndiponso tinene zoona, mwana wa zaka 6 amene wauzidwa kuti asapite kupaki sakhala pampando n'kupinda manja. Apita kukasewera kungalande ya kuseri kwa nyumba, komwe mvula imakokolera zonse za m'dera lanu. Pakati pa ngalande imeneyo ndi kapinga wa ku Botanic Garden kufupi ndi Nyumba ya Malamulo, kapena tinjira ta m'nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre, ine ndisankha kapinga.

Pali chinthu chimodzi chokhudza kolera chomwe anthu ambiri sachidziwa, ndipo chimasintha momwe muyenera kuganizira. Ambiri mwa anthu amene tizilomboti talowa m'thupi mwawo sadwala n'komwe, kapena amangotsegula m'mimba pang'ono n'kuganiza kuti ndi nyemba za dzulo. Koma chimbudzi chawo chimakhala ndi tizilombo kwa masiku angapo, mwina mpaka 10. Choncho mayi wansangala amene akugulitsa zitumbuwa pageti, wovala bwino, wooneka wathanzi, akhoza kukhala nato iye osadziwa. Sindikunena izi kuti muziwaona ogulitsa ngati adani, iwonso akusaka ya ndiwo. Ndikutanthauza kuti simungadziteteze poyang'ana nkhope za anthu. Mumadziteteza poyang'ana zomwe zikulowa m'kamwa mwa ana anu.

Tiyambe ndi madzi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Nyamulani anu kuchokera kunyumba, okwanira tsiku lonse ndi otsala. Banja la anthu asanu padzuwa la kuno limamwa kwambiri kuposa momwe mayi amaganizira m'mawa ponyamuka, ndipo ngozi imabwera cha m'ma 2 koloko masana, botolo latha, mwana akulira ludzu, mnyamata wa madzi ozizira a m'majumbo akudutsa pomwepo. Pamenepo palibe kholo lomwe limakana. Ndiye tengani malita 10 akumwa, osati botolo limodzi. Madziwo akhale owiritsa mpaka kubwata kwa mphindi yathunthu, kapena othira WaterGuard kaya klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsatira muyezo womwe mwauzidwa kapena wolembedwa pabotolo. Mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Nthawi ya mliri ine ndimathira mankhwala ngakhale m'madzi a pampopi, chifukwa madzi akasiya n'kubweranso, mapaipi ong'ambika amakhala atayamwa zauve za m'nthaka. Aikeni m'chigubu cha kukamwa kwakung'ono chomwe dzanja silingalowe, ndipo mwana aliyense akhale ndi kapu kapena botolo lake.

Madzi a m'mabotolo ogula m'sitolo alibe vuto ngati chitsekerero chake sichinatsegulidwepo. Chiyang'aneni bwino. Mabotolo otoledwa n'kudzazidwanso alipo ambiri.

Madzi ena amabwera atavala zovala zina, ndipo amenewa ndi amene amapusitsa makolo osamala. Mafilizesi ndi madzi. Aisi ndi madzi, ndipo kuzizira sikupha tizilombo ta kolera, kumangotisunga. Juwisi wosungunula wa m'ndowa ndi madzi. Thobwa palokha amaliphika ndipo likasasa tizilombo sitikondamo, koma funsani kuti botolo lomwe lathiridwamo latsukidwa ndi madzi ati, ndipo ndani wamwerapo musanabwere inu. Ndimakumbukira banja lina lomwe linafika kwa ife usiku ndi ana awiri. Mayi wake anali waukhondo kwambiri, anaphika zonse kunyumba, ananyamula madzi owiritsa, ndipo ankalira kuti walakwitsa pati. Titafunsitsa, mwana wamkulu anaulula kuti amalume anawagulira mafilizesi pobwerera. Sindingalumbire kuti ndi mafilizesiwo, koma china chilichonse chomwe anadya tsikulo chinali chochokera m'manja mwa mayiyo. Choncho lamulo musalipereke kwa ana okha. Muwauzenso abambo awo ndi aliyense amene ali ndi ndalama m'thumba komanso mtima wofewa.

Pa chakudya sindidzakuuzani kuti musagule kanthu kalikonse, chifukwa ndikudziwa kuti simumvera, ndipo palibe chifukwa chokhwimitsira chonchi. Moto umapha kolera. Chimanga chootcha chomwe chachoka pamakala inu mukuona, tchipisi chomwe chatuluka m'mafuta owira n'kulowa m'mbale yanu yochokera kunyumba, zimenezi sizindiopsa. Chomwe chimandiopsa pachiwaya ndi zomwe amathira pamwamba: saladi wa kabichi ndi tomato wosaphika, wodulidwa m'mawa, wochokera kudimba lothiriridwa ndi madzi a mumtsinje, ndi tsabola wa m'botolo yemwe wakhala padzuwa masiku osadziwika. Nenani kuti “popanda saladi.” Kanyenya yemwe wawotchedwa kale n'kumadikira wogula, ntchentche zikuchita msonkhano, musiyeni. Kumbukiraninso kuti mliri ukakula boma limatha kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'madepoti monga linachitira mu 2023, ndipo likatero palibenso zokambirana.

Chakudya cha kunyumba nachonso chili ndi msampha wake. Mpunga wophikidwa 6 koloko m'mawa, n'kuikidwa m'kontena, n'kudyedwa masana utazizira, ndi munda wabwino wa tizilombo ngati dzanja losasamba linaukhudza popakula. Tizilombo ta kolera timaswana mofulumira mu mpunga wozizira. Ngati mulibe fulasiki yosunga chakudya chili chotentha, nyamulani zinthu zomwe zili ndi chikopa chake: mazira owiritsa osasenda, nthochi, malalanje, mbatata yophika ndi makoko ake, mtedza wokazinga, buledi wa m'pepala lake. Ana sadandaula ndi zimenezi akakhala panja.

Ndipatuke pang'ono pa za mango, poti chaka chilichonse ndimamva kuti mango ndiwo amabweretsa kolera. Mtengo wa mango ulibe mlandu. Mango amapsa nthawi yomwe mvula yayamba, ndipo mvula ndi imene imasefukiza zimbudzi. Vuto ndi bango lotoledwa pansi, lopukutidwa pa malaya, n'kulumidwa ndi khungu lomwe. Litsukeni ndi madzi otetezedwa, lisendeni ndi mpeni woyera, mwana adye mwamtendere.

Tsopano manja. Tengani chigubu chachiwiri cha malita 5 ndi sopo, ngakhale kachidutswa ka sopo wochapira. Wina azithirira mnzake madzi akugwera pansi, ngati momwe mpondagiya amagwirira ntchito. Chizolowezi chathu chosambira m'beseni limodzi, kuyambira abambo mpaka mwana womaliza, n'chaulemu koma nthawi ya mliri chimatanthauza kuti wamng'ono kwambiri, amene ali wosalimba kuposa onse, akusamba m'litsiro la banja lonse. Sanitaiza yemwe anatsala nthawi ya korona amathandiza ngati manja akuoneka oyera, koma pa manja a mwana yemwe wakhala akukumba dothi amangopanga matope onunkhira bwino. Sopo ndi madzi oyenda choyamba. Nthawi zofunika ndi pochoka kuchimbudzi, mukasintha thewera, ndiponso musanagwire chakudya chilichonse, ngakhale bisiketi.

Makatungwe, zotsetserekapo ndi zokwerapo sizifunika kuziopa kwambiri. Tizilombo ta kolera sitikhalitsa pa chitsulo chouma chomwe chawombedwa ndi dzuwa. Asiyeni asewere, asambe m'manja asanadye, basi.

Chimbudzi cha pamalopo ndicho chiyenera kukuuzani ngati mukhale kapena mubwerere. Musanalipire pageti funsani kuti zimbudzi zikugwira ntchito, madzi akutuluka, sopo alipo. Musachite manyazi, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kapena pitani mukaone nokha ana asanabalalike. Malo amene alandira anthu mazanamazana koma zimbudzi zake zatsekedwa kapena zasefukira, dziwani kuti anthuwo akudzithandiza kuseri kwa mitengo, ndipo kapinga amene mukuti muyalepo chitenje si woyera monga akuonekera, makamaka kukagwa mvula. Zikatero bwererani, ngakhale ana alire. Wa zaka 6 mumuperekeze kuchimbudzi ndipo muone ndi maso anu kuti wasamba. Wa zaka 11 adzakuuzani kuti wasamba. Mununkhizeni manja.

Wamng'onoyo ndi amene akufuna maso anu onse. Mwana wosakwana zaka ziwiri amalawa dziko ndi pakamwa: mwala, tsamba, chitsekerero cha botolo chomwe wina wataya. Myalireni mkeka kapena chitenje chachikulu, ndipo pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi iyeyo basi. Ngati akuyamwa pitirizani kumuyamwitsa, mkaka wa m'mawere ndi chakumwa chotetezeka kuposa china chilichonse chomwe munganyamule. Matewera ogwiritsidwa ntchito muwamange m'jumbo n'kukataya m'chimbudzi chokumba kapena pamalo oyenera, osati kuwaponya patchire. Anthu amaganiza kuti chimbudzi cha khanda n'chosaopsa, koma chimanyamula matenda chimodzimodzi ndi cha wamkulu, ndipo ana a anzanu adzasewera pomwepo mawa.

Madzi osewerera ndiwo malire anga. Mtsinje wa Lingadzi kapena wa Lilongwe, madamu, zithaphwi za mvula, akasupe okongoletsa malo, ana asalowemo ndipo asasambemo m'manja. Mitsinje yodutsa mumzinda imalandira zonse zomwe mvula yakokolola m'makwalala. Dziwe losambira lomangidwa, lomwe eni ake amathiramo klorini mokwanira, silikhala ndi kolera, koma inu simungayeze klorini ndi maso. Ngati madzi ake ndi obiriwira kapena pansi sipakuoneka, kapena ndi timadziwe tapulasitiki tomwe amadzaza m'mawa ana makumimakumi n'kumalowamo tsiku lonse ena ndi matewera, ayi.

Apa ndiye tafika kunyanja, ndipo apa ndigwirizana ndi apongozi anu. Madzi a pakati pa nyanja ya Malawi si amene ali ndi vuto, nyanjayo ndi yaikulu. Vuto lili m'mphepete mosaya, pafupi ndi madoko a asodzi ndi midzi yothithikana, pomwe anthu amatsukira mbale, kuchapa matewera, kusamba ndi kutunga madzi akumwa pamalo amodzimodzi, ndipo zimbudzi pamchenga zimavuta kukumba chifukwa zimagumuka. Si mwangozi kuti Mangochi, Salima, Nkhata Bay ndi madera ozungulira nyanja ya Chilwa amatchulidwa pafupifupi mliri uliwonse. Mosayamo ndi momwe ana amasewera, ndipo mwana sasambira atatseka pakamwa. Mvula yamphamvu ikangogwa zinthu zimaipiratu. Onjezerani ulendo wa makilomita pafupifupi 100 mpaka pa boma la Salima ndi ena ngati 20 kukafika ku Senga Bay, zakudya za m'njira, zimbudzi za m'njira, ndi malo ogona omwe ena amapopa madzi awo m'nyanja momwemo.

Wina angati pitani koma ana asalowe m'madzi. Amene akunena zimenezo sanayendepo ndi ana. Kumufikitsa mwana pamchenga, mafunde akumuitana, n'kumuuza kuti angoyang'ana, ndi nkhanza ndipo pamapeto pake mudzagonja. Langizo langa ndi lakuti ngati m'boma la Salima muli odwala kolera panopa, ulendo wa kunyanja muusunthe. Nyanja sithawa. Miyezi yopanda mvula, mliri utazizira, mudzapita ndi mtima umodzi. Kuti mudziwe momwe zilili, Unduna wa Zaumoyo umatulutsa chiwerengero cha boma lililonse nthawi ya mliri pa tsamba lake la Facebook ndi pa wailesi, ndipo mutha kuimba ulere pa 929 kapena kufunsa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Tsiku lomwe mudzapite, sankhani gombe lotalikirana ndi doko, funsani eni malo ogona ngati madzi awo amathira mankhwala, ndipo chambo chidyedwe chotentha chochoka pamoto. Mukadzabwerako mudzakumbukirenso za likodzo, lomwe silidikira mliri.

Pali masiku ena amene ngakhale kupaki kwenikweniko simuyenera kupita. Ngati wina aliyense pakhomo panu watsegula m'mimba m'masiku asanu apitawa, khalani. Apa simukuteteza ana anu okha, mukutetezanso ana a anthu ena omwe adzagwiritse ntchito chimbudzi chomwecho. Pewaninso masiku a zisangalalo zikuluzikulu, Khirisimasi, Chaka Chatsopano, tsiku la oimba, pomwe anthu amachuluka kuposa zimbudzi ndipo madzi amatha dzuwa lisanapendeke. Loweruka wamba m'mawa, kufika 9 koloko n'kunyamuka 1 koloko, ndi bwino kuposa tsiku lonse. Ulendo waufupi umatanthauza kuti madzi anu sakutherani, chakudya sichigona m'kontena, ndipo mwina palibe amene afune chimbudzi.

Ngati m'dera lanu mukuperekedwa katemera wa kolera, wakumwa uja, landirani nonse, amaperekedwa kuyambira mwana wa chaka chimodzi. Koma musamuyese chishango cha Loweruka likubwerali. Thupi limatenga sabata kapena kupitirirapo kuti liyambe kudziteteza. Kuyambira mu Okutobala 2022, katemerayu atachepa pa dziko lonse, nthawi ya mliri anthu akhala akulandira kamodzi m'malo mwa kawiri, ndipo chitetezo chake sichikhala chathunthu, makamaka kwa ana osakwana zaka zisanu. Amathandiza ndithu, koma chigubu ndi sopo zipite nawobe. Zomwa Flagyl, Bactrim kapena makapisozi a m'golosale “kuti titseke njira” musanapite, zisiyeni. Siziteteza, zimangophunzitsa tizilombo kulimbana ndi mankhwala.

Ulendo sutha mukafika kunyumba. Kolera imatenga pakati pa maola 12 ndi masiku asanu kuti ionekere, choncho kuchokera Loweruka mpaka Lachinayi khalani tcheru. Chizindikiro chake ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, ambiri, kobwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri oyererako ngati madzi otsukira mpunga, ndi kusanza. Chomwe chimapusitsa makolo n'chakuti kawirikawiri thupi silitentha ndipo m'mimba simupota kwambiri, ndiye amati tidikire kuche. Musadikire. Wamkulu wodwala kwambiri amatha kutaya lita yathunthu ya madzi pa ola limodzi, ndipo mwana alibe madzi ambiri oti ataye. Maso akalowa, liwombo likalowa, khungu mukalitsina n'kuchedwa kubwerera, miyendo ikamakokana, mawu akasasa, mkodzo ukasiya, mwana akafooka osafuna ngakhale kumwa, ndiye kuti nthawi yatha kale ndithu.

Choncho musanapite kupaki gulani mapaketi angapo a Thanzi ORS akhale m'nyumba, ena m'chikwama. Paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, osachepetsa madzi poganiza kuti akhale amphamvu. Yambani kumwetsa pomwe kutsegula kwayamba, pang'onopang'ono koma mosalekeza. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambanso ndi supuni. Ngati mulibe paketi, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi, kuti akufikitseni kuchipatala. Ndipo kuchipatalako nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku, mukumwetsa m'njira monse, woyamwa akuyamwa. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba musapereke. Kolera imapha ndi kutha kwa madzi m'thupi, ndipo munthu akafika msanga n'kulandira ORS kapena diripi amachira. Pomwe chithandizo chafika pa nthawi yake, omwalira sakwana mmodzi pa anthu 100 alionse. Mu mliri wathu uja anali pafupifupi atatu pa 100, ndipo omwe ine ndinawataya ambiri anafika mochedwa, ena atayamba adikira kuti kuche, ena atayamba apita kwina. Ku zipatala za boma chithandizochi n'chaulere.

Mwina chaka chamawa pa wailesi padzamveka dzina lina, ndiye ndikusiyireni mwachidule momwe malangizowa angatembenukire. Akadzati matenda oyenda ndi mpweya, abambo awo adzakhale olondola kotheratu: paki idzakhala pabwino, ndipo choopsa chidzakhala minibasi yodzaza ya mawindo otseka yomwe mwakwera popita, mzere wa pageti ndi kachipinda kothawiramo mvula. Akadzati mpox, yomwe inapezeka kuno mu 2025, nkhani idzakhala ya khungu kukhudzana ndi khungu la munthu wa zotupa, kubwerekana mataulo, zovala ndi zofunda, ndipo ndidzakuuzani kuti musamale ndi jumping castle (chinyumba chopopedwa mpweya chodumphamo ana) yodzaza ana otuluka thukuta kuposa mafilizesi. Paki ndi yomweyo, kapinga ndi yemweyo, koma pomwe mayi ayenera kuyang'anitsitsa pamasintha.

Za apongozi, ine ndikanakhala inu sindikanalimbana nawo ndi mawu. Ndikanawatenga Lowerukalo, n'kuwayalira mkeka pamthunzi pafupi ndi wamng'onoyo, n'kuwapatsa udindo wa chigubu ndi sopo. Ndikukhulupirira kuti palibe mdzukulu amene adzagwire nthochi asanadutse kwa agogo, ndipo abambo awo akadzayamba kulowera komwe kuli mnyamata wa mafilizesi adzaitanidwa ndi dzina lawo la paubwana.